Ulendo wa ku Beira ndi mwana wanga, kaunjika wake ndi wotchipadi?

Make_Tada_Bangula

Moni nonse abale anga a mchigwa muno, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanga wamkazi wakhoza mayeso a sitandade 8 ndipo amusankhira ku sekondale yogonera konko kumtunda uko mbali ya Thyolo, ndye ndinamulonjeza kalekale kuti ukadzakhoza ndidzakuonetsa nyanja ya mchere, mwanayu anasunga mawuwo moti dzina litangotuluka funso loyamba linali loti amama tinyamuka liti. Bambo ake ali pa ntchito ku Nchalo sangapeze tchuthi, ndiye kuti tikhala awiri basi, ine ndi iyeyo.

Maganizo anga ndi Beira ku Mozambique, poti ndi pafupi kusiyana ndi Joni kapena Dar, komanso Chisena ndimachimva bwinobwino ngakhale kwathu kwenikweni ndife Amang'anja. Chinanso ndi chakuti mwanayu akufunika katundu wambiri wa kusukulu, majuzi, jekete, bulangete, nsapato zakuda, mashiti a pabedi, ndipo mmene mabelo akwerera kunoku ine kaunjika wa pa Bangula ndikumangomuyang'ana ndi maso. Anthu amati ku Beira kaunjika ndi wotayika poti sitima zimatsitsira konko. Zoona zimenezi kapena ndi nkhani za pa mjigo?

Ndiye mundiuzeko njira yabwino ndi iti kuchokera kuno, mwana wa zaka 13 amafunika mapepala anji pa boda, msika wake wa kaunjika uli pati, nanga ndalama ndisinthire kuti. Pasipoti ndili nayo ine, ya mwana inatuluka kale. Tikufuna tipite August yomweyi sukulu isanatsegulire.

Geni_ndi_Geni_Nchalo

Make Tada poyamba zabwino zonse kwa mtsikanayo, wakupukutani misozi. Koma ine ndilankhule ngati wa geni ya kaunjika, musandikwiyire. Ngati cholinga ndi kupulumutsa ndalama pa zovala, kwerani minibasi pa Bangula, dutsani pa Thabwa, kwerani phiri mukafike ku Limbe, madzulo mwabwerako. Mukaphatikiza thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, malo ogona, chakudya, ndi zomwe mutaye posintha kwacha kupita ku metikashi, jekete ya ku Beira ija ikhala yodula kuposa ya mu shopu. Kwacha yathuyi chigwereni ndi 44 peresenti mu November 2023 sinadzukenso, ndipo osintha ndalama a pa boda satengera reti ya ku banki ayi, amatengera yawo. Mukuona ngati mavenda a kaunjika anakachita zionetsero ku Lilongwe mu February 2025 chifukwa chofuna? Belo imagulidwa ndi madola, kaya itsikire ku Beira kaya ku Dar, dola yake ndi yomweyo.

Kutchipa kwa ku Beira amakumva ndi amene akutenga mabelo angapo, osati wa juzi ziwiri.

Mbuya_wa_pa_Marka

Mayi a ku Nchalo zoona mwanenazo koma funso simunalimve bwino, mayiwa analonjeza mwana nyanja, ku Limbe kuli nyanja? kkkk. Make Tada pitani, ine njira imeneyi ndimayenda chifukwa alongo anga anakwatiwa ku Dondo, anapita ndi anthu omwe ankabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992.

Njira yanu ndi iyi. Kuchoka pa Bangula mufike pa Nsanje boma, kenako Marka. Mukadinditsa kuno muwoloke mufike pa Vila Nova da Fronteira mudinditsenso, musaiwale chidindo cha tsidya linalo, pali anthu amangodutsa poti palibe wawaimitsa ndye mavuto amakawapeza mtsogolo. Ife a Malawi viza sitilipira, amakupatsani masiku 30. Boda pasi musayerekeze, imeneyo ndi ya ife tikamapita ku maliro kapena kumsika pafupi pompa, Beira ndi kutali, pasipoti basi. Kuchoka pa Vila Nova mupite ku Mutarara, msewu ndi wafumbi, nthawi ya dzinja umavuta koma August uli bwino, fumbi lokha ndye mumange duku. Pa Mutarara ndi pomwe pali mlatho wa Dona Ana owoloka Zambezi kupita ku Sena, unamangidwa m'ma 1930 ndipo kutalika kwake kumapitirira makilomita atatu ndi theka. Magalimoto sadutsapo, ndi wa sitima, koma m'mbali muli kanjira ka anthu apansi ndi njinga, anyamata a kabaza amakuwolotsani ndi katundu yemwe. Ine ndikanakonda muyende wapansi ngati ndi mmawa dzuwa lisanakwiye, mwanayo aone madzi pansi pake ndi zitsulo zija zikungondondozana osaoneka pothera, akafika kusukulu akakhala ndi chowauza anzake a kumtunda.

Pa Sena mwafika pa mphambano. Pali sitima ya anthu ya CFM, kampani yawo ya njanji, yochokera ku Moatize yomwe imadutsa pa Caia, Inhaminga, Muanza, Dondo mpaka Beira, koma siyenda tsiku ndi tsiku ndye mufunsiretu tsiku lake musananyamuke kwanu, anyamata a kabaza a pa Marka amadziwa. Mukaiphonya ndiye machapa, maminibasi akumeneko, mpaka pa Caia, kenako msewu waukulu wa EN1 kudutsa Gorongosa kukafika pa Inchope mkukhotera ku EN6 yolowa mu Beira. Msewu wa Caia mpaka Inchope uja ndi wa maenje osasimbika, mwana amafika atatheratu. Ine ndi mwana ndingasankhe sitima ngakhale imachedwa, chifukwa amatha kuimirira, kupita kuchimbudzi, kugula nthochi pa windo.

Chisena chanu chikuthandizani njira yonseyi mpaka mu Beira momwe, mumsika amayi ambiri amalankhula Chisena kapena Chindau. Apolisi ndi a mmaofesi ndi omwe amakonda kuyamba ndi Chipwitikizi.

Aphunzitsi_Tengani

Ndiwonjezere pa mapepala a mwana, poti mbuya anena za pasipoti yokha. Tengani satifiketi yake yobadwira ya ku NRB, komanso bambo ake alembe kalata yovomereza kuti mwana akuyenda ndi mayi ake, asaine, aphatikizepo fotokope ya chitupa chawo cha unzika ndi nambala ya foni, ndipo ngati mungathe kalatayo ikadindidwe kwa majisitireti kapena kwa loya. Mwina sakakufunsani, koma mwana wamkazi wa msinkhu umenewu akamaoloka boda ndi munthu mmodzi a boda amakhala tcheru chifukwa cha nkhani zozembetsa ana, makamaka ngati dzina la bambo pa pasipoti yanu ndi yake zikusiyana. Pepala limodzi silemera.

Mapasipoti muziyenda nawo pathupi nthawi zonse mu tauni muja, kumeneko wapolisi amatha kukuimitsani pamsewu kufuna kuona. Mafotokope asiyeni mchikwama kogonako. Ndipo mwanayo mumulembere kapepala ka dzina la malo ogona ndi nambala yanu ya kumeneko, aike mthumba mwake, msika wa Goto ndi wothinana kwambiri.

China, mufunse kaye mmene zinthu zilili mnjira musananyamuke. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa 2024 chisankho chawo chitavuta, anthu anadzadza pa Tengani pano kuthawa zipolowe, misewu ya kwawoko inkatsekedwa. Panopa kuli bata koma kufunsa sikulakwa.

Make_Tada_Bangula

Zikomo aphunzitsi, za kalatazo sindinaziganizire, ndiwauza bambo ake lero lomwe. Mbuya takhuta kwambiri. Mayi a ku Nchalo ndakumvani, koma ulendowu ulipo kale kaya ndi kaunjika kaya popanda, ndye funso langa nlakuti poti ndafika kale kumeneko, nchiyani choyenera kugula ndipo nchiyani chongosiya ndikagule ku Limbe?

Nya_Goto

Apo ndye mwafunsa bwino, ndiyankhe ineyo ndinakhalako ku Beira zaka zingapo ndikugulitsa mu msika ndisanabwerere kwathu ku Ngabu.

Msika mukufunawo ndi Goto, dzina lina amati Tchungamoyo, mukangouza wa txopela (tinjinga ta matayala atatu tija) kuti Goto calamidade (ndi mmene amatchulira kaunjika kumeneko) akakutulani pakhomo. Ulipo wina wa Maquinino koma umenewo ndi wabwino pa zakudya, nsomba, ndiwo zamasamba. Goto ndi tinjira ting'onoting'ono, pamwamba malata ndi masaka, pansi mvula ikagwa matope, mkati mwake mumapezeka chilichonse kuyambira mapoto mpaka sipeya wa galimoto, ndye osalowa mwachisawawa, funsani mayi wina aliyense wogulitsa kuti mbali ya zovala ndi iti.

Chogula ndi zinthu zofunda. Beira ndi kotentha ngati kwathu konkuno, kachisanu kake ka June ndi July kakangotha palibe amene amayang'ananso jekete, ndye August wogulitsa amakhala akufuna angozichotsa ndalama yake ibwerere atsegule belo ya masiketi ndi masikipa. Ku Limbe nzosiyana, kumeneko jekete ili ndi msika chaka chonse poti chiperoni sichiona kalendala. Ndye majuzi, jekete, trakisuti, masokosi aatali, bulangete, zimenezo tengani ku Goto ndipo nenererani mopanda manyazi. Mwana wa mchigwa akapita ku Thyolo amavutika, kuno anazolowera kugona chitseko chili pululu, kumeneko 4 koloko mmawa akukasamba madzi ozizira, musaumire pa juzi.

Nsapato za sukulu ndi pomwe pamafunika maso. Popeza mwiniwake muli naye ayese zonse ziwiri, osati imodzi, ndipo ayende nazo pang'ono, chifukwa mu belo nsapato zimabwera zomangidwa ziwiriziwiri koma pena anyamata amaphatikiza zofanana mtundu zosiyana saizi. Ipindeni pakati muone ngati soli ikung'ambika, pali zina zimaoneka zatsopano zopakidwa polishi koma mphira wake unauma kalekale mu belo, sabata imodzi soli yonse imayoyoka ngati chigumu. Lowetsani dzanja mkati mpaka kuchala, kenako kandani pansi ndi chikhadabo, ikasiya ufa isiyeni. Mutengere yokulirapo pang'ono, msinkhu umenewu phazi limakula temu iliyonse.

Pa zovala ndye mukudziwa kale ngati mayi, kukhwapa, kolala, zipi muitsegule ndi kutseka kangapo, matumba mulowetsemo dzanja. Juzi muiyang'anitse padzuwa, mkati mwa msika muja ndi mwamdima ndipo timabowo ta njenjete sitioneka. Mashiti a pabedi atambasuleni onse awiri inu mbali iyi mwana mbali iyo, banga limakonda kubisala pakati pomwe apinda.

Pitani mmawa kwambiri nthawi yomwe akudula mawaya a belo. Pamakhala kukankhana, amayi ogula kukagulitsanso amakhala atazungulira kale ndipo oyamba kusankha amalipira mtengo wokwera, inu musalimbane nawo, aloleni atenge za fashoni zawozo chifukwa zomwe mukufuna inu, juzi yakuda kapena ya buluu yopanda zolembalemba, iwo saziyang'ana nkomwe. Mukabwerenso chakumadzulo anthu akulongedza, mtengo umakhala wina. Mtengo oyamba osavomera, ndipo poyamba muyankhule Chisena, mukangoyamba Chichewa kapena Chingerezi mtengo wakwera kale. Manambala amatchula mu Chipwitikizi, ngati akukusokonezani mupatseni foni alembe.

Zosiya: yunifolomu, imeneyo sukulu ili ndi mtundu wake mukasoketsa konkuno. Zamkati mugulireni zatsopano mwana. Sutikesi ya kaunjika imadya malo mu chapa ndipo kondakitala amailipiritsa ngati munthu, tengani shangani wamkulu mmodzi basi. Koma zitenje zawo, ma capulana aja, ngakhale si kaunjika, mudzigulireko chimodzi inuyo, nanunso mwavutika naye mwanayu.

Ndalama musaike malo amodzi. Zochepa mkachikwama kakumanja zogulira, zambiri mu lamba wamkati. Foni isatuluke mu msika pokhapokha polemba mtengo paja.

Geni_ndi_Geni_Nchalo

Pa majekete pokha Nya Goto ndikuvomereza, ifenso kuno ku Nchalo jekete ikapezeka mu belo ya mikisi timangoipereka mtengo wa bonya. Koma chenjezo langa ndi pobwerera. Zovala za mwana mu shangani mmodzi ndi katundu wanu, koma mukatengeka mtima mkugula majekete 20 kuti ndikagulitseko ena ndibweze thiransipoti, pa boda a MRA aziona ngati malonda ndipo mulipira msonkho, ndi lamulo. Ndawaonapo amayi ambiri akupita kokayenda mkubwera ndi geni yomwe sanaikonzekere, mapeto ake katundu ali mnyumba ndalama palibe.

Kabaza_Boy_Nsanje

Amama za ndalama ndikuuzeni ine. Sinthani pang'ono pa Marka zokwanira kabaza, chapa ndi chakudya cha mnjira, osintha alipo ambiri ndye funsani atatu kaye musanapereke. Muwerenge nokha mmanja mwanu, akawerenga iyeyo mkukupatsani muwerengenso, ndipo kwacha yanu isachoke mmanja mpaka mwakhutira. Mukafika ku Beira kwacha sakuifuna ngati mmene amaifunira pa boda, ndye musadalire kuti mukasinthira konko, bola mufunse amalonda a pa Nsanje boma omwe amapita pafupipafupi, ena amakhala ndi metikashi yotsala amakusinthirani bwino. Mugulenso layini ya Movitel kapena Vodacom, amalembetsa ndi pasipoti, mukaika ndalama mu e-Mola kapena M-Pesa simuyenda ndi mpukutu. Movitel imagwira ngakhale mmidzi ya mnjiramo.

Pa Dona Ana mukafuna kabaza muuzane mtengo musanakwere, wa munthu ndi wa katundu.

Mai_Busa_Chikwawa

Onse akamba za njira ndi msika, ine ndikambeko za mwanayo, chifukwa ulendowu ndi wake. Ine ndinapita ndi mnyamata wanga pa msonkhano wa amayi a mpingo, ndye ndinaona kuti mwana mu msika amatopa msanga, ife tikhoza kutembenuza mulu wa zovala mpaka dzuwa kupendeka osamva njala koma iye pakangotha ola limodzi nkhope yagwa. Ndye musayambe ndi Goto. Tsiku loyamba mupite naye ku Macuti akaone nyanja yomwe munamulonjezayo, kuli nsanja yakale yowunikira sitima ya mu 1904, yopakidwa zofiira ndi zoyera, ndipo pafupi pomwepo pali chigoba cha sitima chomwe chinatitimira mumchenga, ana amakonda kujambulitsa pamenepo. Mumuuziretu kuti madzi ake si a buluu ngati a pa foni, ndi ofiirira chifukwa mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope pompo, wanga anakhumudwa pang'ono poyamba mpaka pomwe analawa madziwo mkulavula, kenako ndye osafunanso kuchoka. Madzi amaphwa kupita kutali kenako mkubwerera, ndye asalowe patali ngakhale atati amasambira mu Shire, mafunde ndi nkhani ina.

Mukamadutsa mbali ya Ponta Gea mumuonetse Grande Hotel ali panja, chinyumba chachikulu chomwe chinali hotela ya azungu mkutsekedwa mu 1963, pano mukukhala mabanja ambirimbiri, mitengo inamera pa makonde. Kulowa ayi, ndi pakhomo pa anthu, komanso osajambula anthu osawapempha. Siteshoni ya sitima nayo ndi yokongola, ngati mwabwera pa sitima mwaiona kale. Ndipo mumukumbutse za Idai wa mu March 2019, mvula yomwe inatisamutsa kuno ija mphepo yake inakatera pa Beira penipeni, madenga ambiri anasasuka, mwana wa sukulu aone yekha kuti tauni ija inadzukanso bwanji.

Chakudya musavutike, mmawa buledi wawo uja pão ndi badjia (timandasi ta nyemba), masana nsima ilipo amati xima, ndi nsomba za mnyanja kapena matapa (chigwada chotendera). Ngati sanadyepo nkhanu ndi ma camarão (ma prawn) ayambe pang'ono, ena zimawatulutsa ziwengo. Madzi a mbotolo. Neti tengani yanu, udzudzu wa ku Beira ndi wa ku Bangula ndi pachibale.

Ku Goto mumupatse ndalama yake pang'ono mmanja asankhe chinthu chimodzi yekha ndipo anenerere yekha, ngakhale asankhe chinthu choti inu simukuchikonda mungokhala chete. Wanga anasankha chipewa cha ubweya chokhala ndi makutu, ku Chikwawa kuno, ndinangoti chabwino.

Mbuya_wa_pa_Marka

Amayi busa mwanditengera mawu. Chimodzi chomwe ndinaiwala, malo ogona musafike usiku mkumayamba kufunafuna muli ndi mwana wamkazi. Sitima ija nthawi yofikira siidziwika bwino, ndye mupezeretu pensão (resitihausi) kudzera kwa munthu amene mukumudziwa, kapena a mpingo wanu akulumikizeni ndi anzawo a kumeneko. Pobwerera mukawoloka Dona Ana mochedwa gonani pa Mutarara, boda imatseka madzulo, musathamangire kudzagona pa Vila Nova.

Make_Tada_Bangula

Abale mwandithandiza kobasi. Ndiye tapanga chonchi, tidzera pa Marka, tiyesetsa tipeze sitima pa Sena, tsiku loyamba Macuti, Goto mawa lake mmamawa, majuzi jekete bulangete ndi nsapato, zotsalazo ku Limbe popita kukamusiya kusukulu. Mayi a ku Nchalo musade nkhawa majekete 20 sindigula kkkk. Mwiniwake ndamuwerengera zonsezi, akuti iye wapansi pa mlatho ayenda koma nkhanu sadya.

Nya Goto ndakutumizirani uthenga ku inbox, ndikufuna mundiuze mbali yeniyeni ya mabulangete, komanso ngati Lamulungu amatsegula.

Nya_Goto

Ndauona, ndikuyankhani madzulo ndikaweruka. Lamulungu ena amatsegula koma ambiri ayi ndipo mabelo atsopano sadula, pitani mkati mwa sabata. Mabulangete mufunse a mabedi ndi makatani, amakhala mzere umodzi, ndipo bulangete mulinunkhize kaye musanalipire, lina limakhala linanyowa mu kontena fungo la nkhungu silichoka ngakhale mutachapa ndi safu.